Abakha a Kumanda a Mwaanga

Pakhomo pa a Matthias Mwaanga, kumidzi ya Nkomeshya, panali pamtendere. Bambowo anali mkulu wa mpingo, akazi awo a Nelesi ankaphunzitsa Sande sukulu, ndipo Sanford, mwana amene anawatsalira atamwalira mlongo wake Jenala, sanagonepo ndi njala. Ndanena dala zimenezi kuti wina asadzati mnyamatayo anaba chifukwa cha umphawi.

Banjali linali ndi mwambo wakewake. Malemu a Jethro, bambo wa a Matthias, anali mlenje, ndipo ankasema abakha a mtengo wolimba wa mukwa n'kuwayandamitsa padambo kuti abakha akutchire atere pafupi ndi mfuti. Atasiya ulenje, abakhawo anapeza ntchito ina: munthu wa m'banjamo akamwalira, ankamuikira bakha mmodzi kumutu kwa manda. Mitanda inkadyedwa ndi chiswe, mitumbira inkafafanizika ndi mvula, koma abakha ankakhalapobe. Dzina silinkalembedwa. Wothyoka mlomo anali pa a Jethro, wamng'ono wa diso limodzi pa Jenala, ndipo onse asanu ndi awiri ankayang'ana kumadzulo.

Mu 1996 kunabwera Ricky, munthu wa ku Lusaka amene anamanga nyumba pafupi ndi Chalimbana. Ankagula mipando, mitondo ndi zosema zakale, n'kumagulitsa kwa azungu okonda kusunga zotere. Sanford, yemwe anali atasiya sukulu n'kumangoswera kumowa, anamuuza za abakha aja mongodzitama.

"Vatsopano sinifuna," anatero Ricky. "Nifuna vakale, vong'ambika, vamene vinaona mvula. Uyopa chani? Bakufa sibaona."

Sanford anapita kumanda dzuwa lili paliwombo, anthu ali m'minda. Kunali zii, ngakhale njiwa sinkalira. Atanyamula bakha woyamba, dothi la pansi pake linali lozizira ndi lonyowa, chikhalirecho unali mwezi wa Okutobala. Njira yonse bakhayo ankamugogoda pamsana ali m'thumba, koma iye anangofulumiza miyendo.

Madzulo ake anabwera ndi nsapato zatsopano, akununkha mowa. Bambo ake atafunsa, ananama kuti wagwira ganyu.

"Khasu siugwira, manje nsapato izi zamera kuti?" anatero a Matthias. "Chamene wagulitsa, kachibweze kukali kuwala."

Sanford anangoseka. Posafuna kugwidwa, anayamba kusema abakha a mtengo wofewa, n'kuwapaka matope ndi mwaye, n'kumawaika m'malo mwa enieni. Bambo ake anali atayamba kudwala chifuwa ndipo kumanda sankapitako, choncho chinyengocho chinayenda mpaka abakha atatu anapita kwa Ricky.

Chaka chotsatira dyera linakula. Anatenga abakha anayi otsala tsiku limodzi, wa mlongo wake yemwe, akuti abwera nawo ena akamaliza kusema. Kwa Ricky anapeza atatu oyamba aja ali pashelefu, atafulatira khomo. Ricky anati m'mawa uliwonse amawatembenuzira kukhomo, koma akamabwerako kutauni amawapeza ayang'ana kumadzulo. Iye ankanena akuseka. Sanford anatuluka mowa utamuthera m'mutu.

Pamene ankabwerera kumanda ndi abakha abodza, moto wolusa unali utadutsa. Udzu wonse unali phulusa, atatu ofewa aja atapsa, nthaka ili bii ndiponso yofanana paliponse. Anaima pakati thukuta lili kamukamu, osakumbuka kuti wagona apa ndani. Anasema ena atatu, n'kuwaika onse mongoganizira.

Mvula yoyamba itagwa, matenda a a Matthias anakula. Anaitana akazi awo ndi mwana wawo.

"Mukaniike kumanja kwa batate, pa bakha wothyoka mlomo. Malo ninasiya kale. Sanford, uli na mawu?"

Apa ndiye panali pomasukira. Mkuluyo anadikira, maso ali pa mwana wake. Sanford anayang'ana pansi n'kunena kuti alibe mawu.

Tsiku la maliro, okumba manda anayeza kuchokera pa bakha wothyoka mlomo, monga anauzidwira. Dzenje litafika m'chiuno, khasu linakoka nsalu yachikasu, ndipo m'nsalumo munali timafupa. Onse anatuluka m'dzenjemo n'kutuma munthu kukaitana a Nelesi.

Mayiwo anaizindikira nsaluyo, poti diresi limene anaika nalo Jenala anasoka okha. Sanalire. Ananyamula bakha uja, napeza wopepuka ngati chitsononkho. Atamukanda ndi chikhadabo, mkati munaoneka mtengo woyera, wauwisi. Anayenda pa onse asanu ndi awiri, kukanda mmodzimmodzi, anthu akuyang'ana.

"Sanford," anatero motsitsa mawu, "nilangize pamene pagona bambuya bako ba Jethro. Batate bako balindira."

Sanford anakweza chala, nachizunguza uku ndi uku, mpaka chinagwa chokha. Pomwepo anagwada n'kuulula zonse, koma kuulula sikunathe kusonyeza malo. Dzenjelo analikwirira, ndipo a Matthias anakaikidwa kumalire a manda, pafupi ndi chulu, okhaokha.

M'mawa mwake Sanford anathamangira kwa Ricky, nsapato zili m'manja kuti abweze. Anapeza shelefu ili mbee. Abakha anali atapita kutsidya la nyanja ndi ndege, ndipo ngakhale Ricky sankadziwa dzina la wogula.

Mnyamatayo anasiya mowa, analapa pamaso pa mpingo, ndipo mpingo unamukhululukira. Amayi ake sanamutukwane n'kamodzi komwe. Koma mayiwo akapita kumanda ankaima kunja kwa malire n'kupempherera pomwepo, poopa kuponda wina mwa akufa awo.

Achinyamata, musamaganize kuti kuba kumene sikunaonedwe kulibe mwini. Mulungu amakhululukira wolapa, koma si zonse zobedwa zimene zimabwezeka. Sanford anakhululukidwa, komabe bambo ake agona patali ndi pamene anapempha.