Lenzi ya Chitomero pa Mlatho Woduka

Basi yomaliza inali itapita kalekale pamene Tokiko anatuluka m'kanyumba komwera mowa kaja. Anzake a kalabu yojambula zithunzi anali akadali mkati, akuthirirana mowa wa mpunga wotchedwa sake ndi kutamana monga amachitira Lachisanu lililonse. Shunpei, mwamuna woti amange naye banja pakatha milungu itatu, analonjeza kuti amuperekeza pagalimoto, koma munthu akamatamidwa lonjezo silichedwa kuiwalika. Mkulu wa kalabu anali atayambanso nkhani ya chithunzi chotchuka cha Shunpei: madzi osefukira akudula mlatho wakale, kamunthu kakuda kataima kumapeto kwake. Chinawina mphoto ku Fukuoka zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Aliyense akafunsa za kamunthuko, Shunpei ankati anali wodutsa m'njira chabe, anasuzumira madziwo n'kumapita.

"Dzera kumtsinje, lero mwezi uli mbee," Shunpei anamuuza pakhomo, lilime likulemera. "Ukaiyese lenzi ija. Koma usakaime patali ngati mlendo pamaliro. Lenzi yotambalala imafuna uyandikire, uyandikire mpaka chinthucho chikununkhire!"

"Pakadali pano chikundinunkhira ndi iweyo," Tokiko anayankha, ndipo anthu mkatimo anafa nalo phwete.

Tokiko anaseka nawo, koma mumtima zinamuwawa. Komabe ankamukonda, ndipo chikondi chimadziwa kupeza zifukwa. Akazi ena pachitomero amalandira mphete. Iye analandira lenzi ya kamera, ndipo ankainyadira kuposa mphete khumi. Ukapotokola kamkombero kake, msewu wonse, nyumba ndi mitambo zimalowa m'kamera, zapafupi n'kuthawira kutali. Shunpei anati anaigula yatsopano ku Osaka. Kamkomberoko kankalimba kakafika pa nambala 14, koma iye anati zatsopano zimatero, kadzafewa.

Anadutsa masitolo otseka, kenako manda a pachitunda, miyala yake ili ndandanda pamwezi. Achule ankalira m'minda ya mpunga. Atafika pa mlatho wakale anaima. Theka lake linapita ndi madzi aja, theka lotsalalo analitchinga ndi tcheni chadzimbiri. Mwezi unali utakhala pamwamba penipeni pa mapeto odukawo. Wojambula aliyense akanagwa nacho m'chikondi chithunzi chotere.

Anadumpha tcheni.

Anaika diso pakamera, napotokola lenzi mpaka kumapeto. Mlatho unatalika ngati msewu wopita kuphiri. Mapeto ake anali kutali, kutali zedi. Anayenda. Phazi, phazi. Akadali kutali. Achule analeka kulira, koma iye sanamve kuti aleka. Phazi lina...

"Imani!"

Tokiko anaima.

"Chotsani diso pakamera, chemwali. Yang'anani pansi."

Anayang'ana. Nsonga ya nsapato yake inali m'malere. Pansi pake, patali, madzi akuda ankazungulira zitsulo zothyoka. Anabwerera chambuyo n'kukhala pansi pasimenti.

Pambali pake panaima bambo wa zaka ngati makumi atatu, atavala chijasi cha mvula. Chinkadontha madzi. Mvula inali isanagwe kwa mlungu wathunthu.

"Mwandipulumutsa, bambo," Tokiko anatero. "Zikomo kwambiri."

"Imanama lenzi imeneyo," bamboyo anayankha modekha. "Choti chikudyeni imachiika kutsidya." Anawerama pang'ono, maso ali pakamera. "Ikulimbabe pa 14?"

Tokiko anakumbatira kamera pachifuwa.

"Ndinaigwetsa pamwala ndikujambula mathithi," bamboyo anatero. "N'chifukwa chake imalimba. Ndinalira ngati mwana, ndinali nditaisungira ndalama chaka chonse."

"Mukulakwitsa, bambo. Iyi ndi... anandigulira ku Osaka."

"Shunpei sanagulepo lenzi yotambalala. Ankabwereka yanga."

Tokiko anasendera chambuyo. Madzi ochokera pachijasi chija ankayenda pang'onopang'ono pasimenti, kulunjika pamene anakhala.

"Tinabwera awiri tsiku lija," bamboyo anapitiriza, akuyang'ana kumtsinje. "Ine patsogolo, diso pakamera, monga inu. Iye kumbuyo, akuona madzi ndi maso ake enieni. Ankaona kuti madziwo afika. Anati yandikira, Naoharu, yandikirabe! Ankafuna kamunthu m'chithunzi chake, kuti anthu aone kukula kwa madziwo."

Ngakhale mtsinje unakhala ngati ukumvetsera.

"Simenti itagumuka ndinatambasula dzanja. Iye anathamanga, natambasula lake. Ndinasangalala, chemwali. Ndinati mnzanga wafika." Bamboyo anatembenuka, namuyang'ana Tokiko m'maso. Nkhope yake inali yotuwa, yopanda mkwiyo, ndipo chimenecho ndicho chinaopsa kwambiri. "Anagwira lamba wa kamera."

Chala cha Tokiko chinagwedezeka chokha. Kamera inalira, tcha!

Palibe munthu. Pasimenti panangotsala chithaphwi.

Tokiko anathawa! Tcheni analidumpha osaliona, manda anawadutsa osawaona, kamera ikumumenya pachifuwa. Sanalowere kwawo. Anathamangira kumene anachokera, ndipo njira yonse ankangopempha chinthu chimodzi: Shunpei akaseke. Akanene kuti ndi mantha, ndi mwezi, ndi kapu imodzi ya sake ija. Akatulutse pepala la kusitolo ya ku Osaka. Chilichonse akanakhulupirira, chifukwa diresi la ukwati linali litasokedwa kale, ndipo mayi ake anali atauza abale onse.

Anamupeza panja yekha, atatsamira galimoto yake, akusuta. Mkati anthu ankaimba.

"Wabwereranso? Wandisowa kale?" Shunpei anaseka. "Tione, wajambula chiyani? Ndikudziwa, mwezi ngati kambewu ka mpunga."

Tokiko anayatsa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera namuonetsa. Chithunzicho chinali chopendekeka, chosaoneka bwino, chojambulidwa ndi munthu ali pansi. Mlatho, mwezi, bondo la Tokiko yemwe. Ndipo kumphepete, pamene lenzi yotambalala imakoka nkhope za anthu, panali bambo wa chijasi, nkhope itatalika, maso ali pa wojambula.

Ndudu inagwa. Mowa wonse unamuthera pomwepo.

"Naoharu..."

"Ukumudziwa."

"Sizingatheke. Naoharu anafa. Anapita ndi madzi aja, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndinanyamula nawo mafupa ake kumanda a pachitunda, ineyo, ndi manja angawa."

"Unati anali wodutsa m'njira, Shunpei. Unati anasuzumira n'kumapita." Misozi inali ikutsika tsopano, ndipo Tokiko sanaipukute. "Naoharu wandiuza za lenzi. Wandiuza zonse. Unandiveka katundu wa munthu wakufa pakhosi, pamaso pa mayi anga, iwo akukugwadira kukuthokoza. Nena kuti ndi bodza. Ndakupempha, nena kuti ndi bodza!"

Tokiko anadikira. Shunpei akanalira, mwina akanamugwira dzanja. Akanakana, mwina akanadzinamiza mpaka tsiku la ukwati. Chikomekome cha mkuyu ankachidziwa, koma sanaganizepo kuti nyerere zake angazione zikutuluka iye akuyang'ana.

Shunpei sanalire, ndipo sanakane. Anayang'ana kuchitseko kumene anzake ankaimba, nayang'ana kumsewu wopanda munthu. Kenako anasendera pafupi, mawu atatsika, ofewa ngati a tsiku limene anamufunsira.

"Tokiko, pali wina amene wachiona chithunzichi?"

Dzanja lake linali litafika kale pa lamba wa kamera, pakhosi pa Tokiko.