Hita ya Corolla Yofiira

Dalila anakumana ndi Shafii pa renki ya mateksi ku Rustenburg, m'mawa wina wa Meyi, mano ali gwegwede. Mnyamatayo anaimika Corolla yofiira n'kutsitsa galasi.

"Achemwali, nkhope imeneyo ndi ya ku Mangochi. Kwerani, muno mukufunda."

Anakwera. Kuyambira pamenepo Shafii akamapita ku shifiti ya ku mgodi ankamutula ku Geelhoutpark, komwe Dalila ankagwira ntchito ya m'nyumba. Mauthenga ankagwa pafoni ngati mvula: "Duwa langa, Disembala wa chaka chamawa tikamanga ukwati wa nikaha kwa amalume ako. Wina ndilibe pansi pano." Dalila anawaimbira amalume akewo, mudzi wonse unamva.

Chisanu cha chaka chotsatira chitafika, hita ya galimotoyo inayamba makhalidwe. Galimoto ikamathamanga, mpweya wotentha bwinobwino. Ikangoima pa roboti, mphepo yozizira ngati ya mufiriji!

"Zala zanga zauma, Shafii! Pita nayo kwa a Fanuel akaikonze."

"Kwa mdala uja ayi. Amalongolola kwambiri."

"Ndiye ndife ndi chibayo chifukwa iwe ukuopa nkhalamba?"

"Wokondedwa, ukakwiya umakongola."

"Choka! Kukongola kumafunditsa?"

Lachisanu lina Shafii anasiya galimoto kuntchito kwa Dalila, makiyi omwe, n'kukwera ya anzake kupita ku mzikiti. Dalila sanachedwe. Anaitana a Fanuel, tchona la ku Ntcheu lomwe linapuma ntchito ya mumgodi n'kumakonza magalimoto a Amalawi.

Mdalayo anatsegula boneti, nasuzumira mu rediyeta. Analiza injini, kenaka n'kugwira mapaipi awiri opita ku hita. Ina yotentha, ina yozizira.

"Madzi achepa, mwanawe, mwalowa mpweya. Injini ikathamanga madzi amafika ku hita, ikaima safika. Pali pomwe pakudontha."

Anatsatira paipiyo ndi chala, kenaka anaseka.

"Aikona! Mphira uyu ndinamanga ndine pa Isitala! Ndinawauza Mayi Sauda kuti n'zongoyembekezera, agule paipi yatsopano. Mpaka lero?"

"Sauda ndani?"

"Eni galimoto, akazi a Shafii, aku Protea Park aja. Kodi inu si mng'ono wawo?"

Dalila anadzifunsa chamumtima. Akazi ake? Nanga nikaha ija? Nanga amalume, omwe anali atayamba kale kunenepetsa mbuzi? Koma misozi anaimeza.

"Mangani bwino, bambo. Ndipo mundipatse nambala ya achemwali angawo."

Shafii anatulukira masana, mkanjo uli mbuu, akumwetulira. Ataona a Fanuel akupukuta manja, kumwetulira konse kunathawa.

"Duwa langa..."

"Duwa lako lili ku Protea Park! Chaka chathunthu ukundinyengerera pa mpando wa mkazi wako, galu iwe?"

"Imva kaye, Dalila. Ndimati ndikuuze tikafika kumudzi. Komanso chipembedzo chathu chimalola akazi anayi."

"Chimalolanso bodza? Wangochoka kumene ku swala, pakamwa pako sipakuyabwa?"

"Madala, mwandiphera banja!" Shafii anatembenukira a Fanuel.

"Banja lake liti?" anafunsa mdalayo, akutseka boneti.

Shafii anatambasula dzanja. "Bweretsa makiyi, tikakambirane kwina. Abwana ako akutiyang'ana pawindo."

Dalila anaponya makiyiwo m'thumba la epuloni, n'kuimba foni, maso ali pa iye. Inaitana kawiri, mawu a mzimayi anayankha, mwana akulira chapatali.

"Mayi Sauda? Simukundidziwa. Ndine Dalila, amene amuna anu amati akwatira Disembala. Galimoto yanu ili kuno ku Geelhoutpark, makiyi ndili nawo ine. Kwerani teksi mubwere. Ndipereka m'manja mwanu basi."



"Iyeyo ali pomwepo?" anafunsa Sauda.

"Ali pano, wavala mkanjo."

"Muuzeni asasunthe."