Gemu ya m'Katoni ya Sopo

Anjelina ankakhala ku Mbamba Bay. Anali ndi mlongo wake wamng'ono, Fexon. Fexon anagwa mumtengo wa mango. Anathyoka mwendo. Kuchipatala cha ku Liuli anamuika chikhakha.

Tsopano Fexon sankathamanga. Sankasewera. Ankangokhala pamphasa, nkhope ili ndwii. Anjelina ankamva chisoni. Ankafuna kumuona Fexon akusekanso.

Tsiku lina malume awo, a Efraimu, anabwera. Anali atapita kutauni kukagulitsa usipa.

"Shikamoo, Malume!" anawo anapereka moni wa Chiswahili.

"Marahaba, ana anga. Kutauni ndaona zodabwitsa! Ndaona gemu."

"Gemu n'chiyani?" anafunsa Anjelina.

"Ndi bokosi lagalasi. M'kati muli kamunthu. Ukadina batani, kamadumpha."

"Kanalowa bwanji?"

"Sikanalowe."

"Ndiye kali panja?"

"Ayi, kali m'kati."

"Nanga kamadya chiyani?"

Malume anakanda m'mutu. "Kaya. Mwina magetsi."

Mutu wa Anjelina unaima. Koma maso a Fexon anawala. "Achemwali, ndikufuna gemu," anatero.

Kunyumba kunalibe magetsi. Kunalibe galasi. Anjelina anapita kuduka la ujamaa, sitolo ya mudzi wonse, kukapempha katoni yopangira gemu. Masiku amenewo sopo ankasowa. Makatoni a sopo nawonso ankasowa. Panali katoni imodzi yokha.

"Tenga," anatero wogulitsa. "Koma ukaiwononga, ina palibe."

Anjelina anathamangira kunyumba. Anatenga mpeni. Amayi anamugwira dzanja. Amayi anali osoka zovala.

"Iwe, kuthamanga sikufika," anatero Amayi. "Unandionapo ine ndikudula nsalu ndisanajambule? Jambula kaye. Lemba kaye. Kudula n'komalizira."

Anjelina anaitana anzake, Ignas ndi Yustina. Anakhala pabwalo. Anachita mkutano, msonkhano ngati wa akuluakulu a m'mudzi. Pamkutano aliyense amalankhula. Akagwirizana, onse amati, "Ndiyo!"

"M'gemu mukhale bwato," anatero Anjelina.

"Ndiyo!" Anajambula bwato pamchenga.

"Mukhale ng'ona," anatero Ignas.

"Ndiyo!" Anajambula ng'ona.

"Mukhale kwaya ya kutchalitchi," anatero Yustina.

"Ndiyo!" Anajambula kwaya.

Mbuzi? Ndiyo! Sitima? Ndiyo! Thirakitala? Ndiyo! Palibe amene anati ayi. Kumukana mnzako pamkutano? Manyazi ake!

"Ndipo aliyense azipambana," anatero Yustina.

"Ng'ona nayonso?" anafunsa Anjelina.

"Nayonso. Tonse ndife ndugu, abale."

"Ndiyo!"

Zojambula zinadzaza bwalo lonse. Mbuzi inali m'bwato. Thirakitala inali m'madzi. Kwaya inali m'kamwa mwa ng'ona.

"Poyambira ndi pati?" anafunsa Ignas.

"Apa," anatero Yustina.

"Ayi, apo ndi pothera!"

"Ayi, umenewo ndi mchira wa mbuzi!"

Anjelina anayang'ana bwalo. Anayang'ana katoni. Bwalo linali lalikulu. Katoni inali yaing'ono. Mutu wake unaimanso. Anafuna kulira.

Pamenepo kamawu kanamveka kuchokera pamphasa.

"Achemwali, nanga ine ndizichita chiyani?"

Onse anatembenukira kwa Fexon. Mbuzi anaikumbukira. Ng'ona anaikumbukira. Koma mwini gemu anamuiwala! Mkutano wanji umenewu?

Anjelina anachita manyazi. Anakhala pambali pa Fexon. "Pole, pepa, Fexon. Lankhula. Iweyo ukufuna chiyani?"

"Ndikufuna kupalasa bwato. Ndizizemba miyala. Ndikafike kunyumba."

"Nanga ukagunda mwala?"

"Ndiye ndamira! Ndiziyambiranso."

Anjelina anatenga tsache. Anasesa mbuzi. Anasesa thirakitala. Anasesa kwaya.

"Ng'ona yanga!" anadandaula Ignas.

"Idikire katoni ina," anatero Anjelina.

Ignas anaganiza. Anayang'ana mwendo wa Fexon. "Ndiyo," anatero pang'onopang'ono.

Anjelina anatenga pepala ndi pensulo. Anajambula bwato limodzi. Anajambula miyala. Anajambula nyumba. M'munsi analemba mawu a Fexon. Anamuwerengera.

"Ndi momwemo?"

"Ndi momwemo!"

Kenako anajambula zenera pakatoni ndi khala. Anayang'ana pepala. Anayang'ananso katoni. Tsopano anadula.

Amayi anapereka nsalu yaitali yabuluu. Imeneyo inali nyanja. Anasokerapo mabatani. Amenewo anali miyala. Ignas anasema kabwato ka bango. Anakamangirira pakamtengo. Yustina anajambula nyumba kumapeto kwa nsalu.

Anjelina anakhala kuseri kwa katoni. Anayamba kukoka nsalu. Pazenera, nyanja inayamba kuyenda!

Fexon anagwira kamtengo. Anazemba mwala. Anazembanso wina. Kenako, gu!

"Ndamira!" anakuwa Fexon. Ndipo anaseka. Anaseka mpaka misozi. "Kokaninso, achemwali! Kokaninso!"

Mtima wa Anjelina unadzaza ndi chimwemwe. Anakokanso.

Malume anabwera kudzaona. Anasuzumira pazenera. Anasuzumira pansi. Anakandanso m'mutu.

"Inde, ndi gemu ndithu," anatero. "Koma magetsi ake ali kuti?"

Fexon analoza kuseri kwa katoni.

"Ndi awo, Malume! Ndipo ine ndikudziwa zimene amadya. Amadya chinangwa!"

Amayi anaseka. Anabweretsa mbale ya chinangwa chophika. Chidutswa chachikulu anapatsa Anjelina.