Kamanzere ndi Njuchi ya Azakhali

Kamanzere anali mtsikana wamng'ono. Ankalemba ndi dzanja lamanzere. Ankapesa tsitsi ndi dzanja lamanzere. Ngakhale mpira ankaponya ndi dzanja lamanzere. N'chifukwa chake onse ankamutchula kuti Kamanzere.

Dzinali silinkamusangalatsa. Kapu ikagwa, anthu ankati, "Ndi dzanja lakelo." Iye ankachita manyazi. Ankabisa dzanjalo kumbuyo.

Tsiku lina kuchipatala kunabadwa khanda. Linali mlongo wake wa Kamanzere.

"Amayi ako abwera madzulo ano," anatero Bambo. "Ndikupita kukawatenga."

Kamanzere anakumbukira lonjezo lake. Iye anali atalonjeza Amayi chinthu chimodzi. Anati khanda lidzagona m'kabedi kakekake. Koma kabediko kanali kasanathe. Kanalibe mbali imodzi. Khanda likanatha kugwa.

Kamanzere anathamangira ku shedi ya Azakhali. Shediyo inali kuseri kwa nyumba.

Azakhali anali kalipentala. Ankaika pensulo kukhutu. M'tsitsi mwawo simunkasowa utuchi. Thabwa lokhota likafika m'manja mwawo linkawongoka. Kamanzere ankawasirira kwambiri.

"Azakhali, kabedi kaja katha lero?"

"Katha, mwana wa achimwene. Tenga Njuchi."

Njuchi chinali choboolera matabwa cha Azakhali. Chinalibe chingwe. Chinkayendera batire. Anachipatsa dzinali chifukwa cha kulira kwake. Kachitsulo koboolera ankakatchula kuti mbola.

Azakhali anadina batani lalikulu. Njuchi inangoti zii.

"Yafa?" anafunsa Kamanzere.

"Ayi. Njuchi sikana popanda chifukwa. Tiifunse."

Azakhali anayang'ana batire. Kagetsi kake sikanayake.

"Ili ndi njala," anatero.

Anachotsa batirelo. Analiika pa tchaja. Anatenga lina lodzaza moto. Analikankha mpaka linamveka kuti khwatcha. Anadinanso batani.

Vwiii. Njuchi inadzuka.

Azakhali anayamba kuboola thabwa. Njuchi inalira, koma bowo silinaoneke. Mbola inangoima pamodzimodzi.

"Yafa?" anafunsa Kamanzere.

"Ayi. Njuchi sikana popanda chifukwa. Tiifunse."

Azakhali anachotsa kaye batire.

"Usanagwire mbola, chotsa batire," anatero. "Njuchi iyi sidziwa chibale."

Anamuonetsa kukamwa kwa Njuchi. Munali timano titatu. Timanoto sitinalume mbola bwino. Azakhali anapotokola kukamwako mpaka kunathina. Anabwezera batire.

Vwiii. Bowo linabooka. Utuchi unatuluka.

Anaboola bowo lina. Anaboola linanso. Kamanzere ankagwira thabwa kuti lisasunthe. Ankayang'ana manja a Azakhali. Manjawo sankanjenjemera n'komwe.

Kenako Njuchi inayamba kulira mofooka. Kamanzere anaikhudza pamsana.

"Azakhali, yatentha thupi."

"Kodi yafa?" anafunsa Azakhali, akumwetulira.

Kamanzere anaseka. "Ayi. Tiifunse."

M'mbali mwa Njuchi munali timabowo topumira. Timabowoto tinali titatsekeka ndi utuchi. Azakhali anachotsa batire. Anasesa utuchiwo ndi kaburashi. Anaika Njuchi pamthunzi.

"Ipume kaye," anatero.

Kamanzere anasuzumira panja. Dzuwa linali litapendeka. Anayenda uku. Anayenda uko. Kudikira kunamuwawa. Azakhali sanatekeseke. Ankangosalaza thabwa, akuimba chamumtima.

Njuchi inazizira. Mabowo onse anatha. Panatsala kumanga masikuluwu.

Azakhali anachotsa batire, kenako mbola yoboolera. Anaika ina yomangira masikuluwu n'kubwezera batire. Anamanga sikuluwu yoyamba. Inazungulira n'kulowa mwakachetechete.

"Tsopano iwe," anatero Azakhali.

"Ine? Ndi dzanja langali?"

"Ndi lomwelo."

Kamanzere anagwira Njuchi ndi dzanja lamanzere. Azakhali anaika manja awo pamwamba pa dzanja lake. Kamanzere anadina batani.

Vwiii. Sikuluwu sinalowe. Inagwa pansi.

Anayesanso. Sikuluwu inagwanso.

Kamanzere anaika Njuchi pa tebulo. Anabisa dzanja kumbuyo. Misozi inalengeza m'maso.

"Ndaiwononga," anatero. "Khanda lisowa pogona."

Azakhali anagwada pafupi naye.

"Njuchi sikana popanda chifukwa," anatero motsitsa mawu. "Ulendo uno uifunse ndiwe."

Kamanzere anapukuta misozi. Anaganizira batire. Batire linali ndi moto. Anaganizira timano. Timano tinali titaluma bwino. Anakhudza pamsana. Panali pozizira.

"Azakhali, tadinani pang'onopang'ono. Ndikufuna ndione."

Azakhali anadina. Kamanzere anayang'anitsitsa mbola.

"Ikuyenda chobwerera," anatero. "Poyamba paja imazungulira kupita uku. Pano ikupita uko."

"Maso ako ndi akuthwa. Nanga yatembenuka bwanji?"

Kamanzere anagwiranso Njuchi. Pamwamba pa batani lalikulu panali kabatani kakang'ono. Kanali kotulukira mbali zonse ziwiri. Chala chake chinali pomwepo. Chinali chitakakankha osadziwa.

"Ndi dzanja langali," anatero mwachisoni.

"Dzanja lako silinalakwe," anatero Azakhali. "Njuchi ili ndi njira ziwiri. Ukakankha kabatani uku, imalowetsa. Ukakankha uko, imatulutsa. Dzanja lako lapeza njira yachiwiri."

Kamanzere anabweza kabatani. Anatsitsa chala pang'ono. Anadina.

Vwiii. Sikuluwu inalowa yonse. Inalowa ina. Inalowanso ina.

Foni ya Azakhali inalira. Anali Bambo. Anati ali pafupi kufika.

Azakhali anafulumira kumanga sikuluwu yomaliza. Ngakhale akatswiri amaphonya akafulumira. Sikuluwuyo inalowa mokhota. Nsonga yake inatulukira mkati mwa kabedi. Inali yakuthwa.

"Iyi ikanda khanda," anatero Azakhali. "Iyenera kutuluka."

Koma sikuluwuyo inali pakona yothina. Azakhali analowetsa dzanja lamanja. Thabwa linawatchinga. Anapendeka thupi. Linawatchingabe.

"Apa pakufunika wamanzere," anatero. "Kodi tingamupeze kuti?"

Kamanzere anatulutsa dzanja lake.

"Ali pompano."

Dzanja lake linakwana bwinobwino pakonapo. Azakhali anamugwira mkono. Kamanzere anakankha kabatani. Ulendo uno anachita dala.

Vwiii. Sikuluwu inatuluka. Kamanzere anabweza kabatani. Azakhali anaimika sikuluwu mowongoka. Kamanzere anadina. Inalowa bwino.

Azakhali anasisita mkati monse mwa kabedi. Munalibe chobaya. Anagwedeza kabediko. Sikanasunthe. Anachotsa pensulo kukhutu kwawo. Anaiika kukhutu kwa Kamanzere. Linali khutu lamanzere.

Ananyamula kabedi awiriwiri. Anakaika m'chipinda, pafupi ndi zenera. Anayalamo kamatiresi ndi kansalu kofewa.

Chitseko chinatseguka. Bambo analowa ndi chikwama. Amayi analowa ndi khanda.

Amayi anaona kabedi. Anakasisita.

"Mlamu, manja anuwa ndi odala," anatero kwa Azakhali.

"Si anga okha," anayankha Azakhali. "Pakona paja panandikanika ine. Wamanga ndi mmisiri uyu."

Amayi anagoneka khanda m'kabedi. Kamanzere anasuzumira. Analowetsa chala chake pakati pa matabwa.

Khanda linatambasula kadzanja. Linagwira chalacho mwamphamvu. Amayi anayang'anitsitsa, kenako anaseka.

"Taonani kadzanja kamene wagwirira."

Kanali kamanzere.

Kamanzere anasangalala kwambiri. Sanachotse chala chake. Anaweramira khanda n'kulinong'oneza.

"Usadzakabise. Ukakula ndidzakuonetsa kabatani kaja."