Maiki Yofiira ya Abusa

Nkhani iyi ndinayamba kuimva pagalaja ina m'mbali mwa msewu, basi itatifera, mvula ikukonzeka kugwa. Anandifotokozera ndi wowotcherera zitsulo uku akusula chitsulo cha basiyo chimene chinathyoka. Masiku amenewo anthu anali ndi nthawi yomaliza nkhani. Ndayenda malo ambiri chichokereni pamenepo, koma ndikangolowa m'tchalitchi chokhala ndi masipika, maso anga amayamba athamangira kumbuyo, kwa munthu wokhala pamakina.

Munthuyo ankamutcha Mawaya. Loweruka madzulo, kwaya ikatha kuyeserera, iye ankatsala yekha kukulunga zingwe pachigongono, kupukuta diso la kamera ndi kundandalika maiki patebulo. Iliyonse anaimanga tepi yamtundu wake: yofiira ya abusa, yachikasu ya zolengeza, yobiriwira ya woyambitsa nyimbo, amene anali mkazi wake yemwe. Pamikisa, makina aja osakanizira mawu, maiki iliyonse inali ndi kabatani kake kotsetsereka. Ukakankhira m'mwamba munthu amveka, ukatsitsa wazima. Mkati mwa sabata ankakonza mavidiyo a ulaliki, kudulamo kutsokomola ndi kuyasamula, mpaka abusa anayamba kuitanidwa ndi anthu akutali amene anangowaonera pafoni. Benchi lake lokonzerapo mawailesi kumsika linadyedwa ndi chiswe. Ngakhale mabatire a maiki ankagula ndi za m'thumba mwake.

Tsiku limene mwini nyumba anadzazula chitseko chawo chifukwa cha lendi, Mawaya anavala jekete n'kukakhala pamaso pa komiti ya mpingo.

"Azibambo anga, sindikupempha zambiri. Kangachepe pamwezi, kolingana ndi thukuta."

A msungichuma anavula magalasi. "Thukuta? Kudina timabatani kumatulutsanso thukuta?"

"Woyimba kiyibodi uja mumamulipira."

"Uja ndi waganyu, si wa mpingo uno. Iwe ndiwe mwana wa m'nyumba. Mwana amalipiritsa bambo ake akasesa pabwalo?"

A mlembi anamusisita paphewa. "Malipiro ako ali kumwamba, achimwene. Kumeneko kulibe njenjete."

"Kulibenso alandilodi," anayankha Mawaya. Palibe anaseka.

Zikanathera pomwepo bwenzi atangomeza. Koma Lamulungu a msungichuma anatenga maiki yachikasu, Mawaya mwiniyo n'kuwakwezera mawu, ndipo anati: "Tipempherere mbale wina amene akufuna kugulitsa mphatso ya Mulungu pasikelo ngati nyemba." Makosi onse anatembenukira kumbuyo. Mkazi wake, ali m'kwaya, anayang'ana zala zakuphazi. Ndipo kamera yake yomwe inali ikujambula.

Mawaya anali ndi azakhali ake amene abale sankadya kwawo. Anapitako dzuwa likupendeka. Sanamufunse zambiri. Anamupatsa kabotolo ka mafuta akuda, onunkha ngati waya wopsa.

"Upake chala, utsitse kabataniko munthuyo ali pakati pa mawu. Alaweko kufuula popanda womumva. Koma chotsika chatsika, mwana wa mlongo wanga. Usadzabwere kuno ukulira."

"Misozi ndinamalizira kukomiti, azakhali."

Lamulungu lotsatira a msungichuma anali pakati polengeza za chopereka cha denga pamene mawu awo anaduka. Anthu anacheukira kumakina, Mawaya n'kutambasula manja ngati wodabwa. Bamboyo anaika maiki pansi kuti alankhule ndi kukhosi kokha. Milomo inkayenda, mitsempha ya m'khosi itatupa, koma zii. Anakhosomola, zii. Anaomba m'manja, zii.

Duu ameneyo anawatsatira mpaka kunyumba. Nsapato zawo sizinkagunda pasimenti. Kapu ikawapulumuka inkasweka ngati ikugwera m'thonje. Agalu ankadzidzimuka akawaona ali kale pafupi, n'kuthawa michira ili m'miyendo. Tsiku lina masana anagwa m'bafa, chitseko atakhoma, akazi awo akuyanika zovala kuseri kwa khoma lomwelo. Pothyola chitseko madzulo anawapeza atauma, zibakera zitasupuka ndi kumenya thabwa. M'bafamo munkanunkha waya wopsa.

Loweruka la maliro, Mawaya atavala mahedifoni kuti ayese makina, anamva mawu pakabatani kachikasu, maikiyo ili chigonere patebulo, yozima.

"Make ana! Make ana, tsegula! Sukundimva?"

Anamvetsera kwa kanthawi. Kenaka anapitiriza kukulunga zingwe zake akuimba mluzu.

Zolengeza zinagwera a mlembi, ndipo nawonso anazima pakati pa chiganizo. Iwowa anagwera m'dzenje la chimbudzi chimene mpingo unkakumba, pafupi ndi njira imene anthu amadutsa tsiku lonse popita kumsika. Anawaulula ndi ntchentche. M'mahedifoni mawu anakhala awiri, wina kuitana mkazi, wina kuitana aliyense.

Mudzi unagwidwa nthumanzi. Amayi ankayamba aitana ana awo popanda chifukwa, kungofuna kumva kuti ayankha. Pamjigo ankanong'onezana.

"Ndi maiki yachikasu ija."

"Ayi, anadya za chopereka."

"Tsitsani mawu, inu!"

"Nditsitse? Bola ndikumveka."

Kunyumba, kumene pakhomo panali patapachikidwa chiguduli m'malo mwa chitseko, mkazi wake anamugwira dzanja akumupatsira madzi osamba m'manja.

"Bambo a mwana, zala zanuzi zikununkha chiyani?"

"Waya wa sipika anapsa."

"Sabata zonsezi? Ndipo masiku ano mukumaseka kutulo."

Abusa atamuitanitsa kuofesi, Mawaya anati basi, mantha awaphunzitsa. Anamulandira ndi tayi watsopano m'kapepala.

"Taona kudzipereka kwako, mwana wanga. Kuyambira lero ndiwe mkulu wa nthambi yofalitsa uthenga."

"Nanga malipiro, abusa?"

"Maliro awiriwa atiboolera thumba. Tipirire pang'ono."

Pawindo pankaoneka galimoto yatsopano ya abusa, mipando idakali m'mapulasitiki. Mawaya anathokoza, napinda tayiyo bwinobwino. Pobwerera anadutsa pagolosale pamene ankagula mabatire, osaima. Anati m'mtima, ngakhale kakobiri kanga sikadzalowanso m'maiki yawo.

Lamulungu limenelo tchalitchi chinadzaza, poti mantha amadzaza mabenchi kuposa chitsitsimutso. Abusa anakwera paguwa ndi maiki yofiira n'kufuula aleluya, ndipo mkazi wa Mawaya anayambitsa nyimbo ya ulaliki usanayambe. Abusa anali ndi chizolowezi chothirira mawu pakati pa nyimbo, ndipo Mawaya anafuna kuwadula pomwepo, dzina la Mulungu lili pakamwa. Anawerama kunsi kwa tebulo, kubisala kwa olandira alendo, n'kuyamba kulimbana ndi chivundikiro cha kabotolo.

Ali kunsiko, batire yakale ya maiki yobiriwira inafa. Nyimbo inatsimphina kamphindi chabe, chifukwa abusa, osaganiza n'komwe, anatambasula dzanja n'kupatsa mayiyo maiki yawo. Mawaya anadzuka maso ali pamikisa, akumva mkazi wake akuimba monga kale. Anaika chala chonyowa pakabatani kofiira, natsitsa mpaka pansi.

Nyimbo inaduka ngati ulusi.

Anakweza maso. Abusa anali chiimire manja ali opanda kanthu, akufunsa mokweza kuti chachitika n'chiyani. Mkazi wake anali atatsinzina, dzanja lili m'mwamba, kukamwa kuli yasa, akuimbabe ndi mtima wonse m'maiki ya tepi yofiira.

Mawaya anakankha kabataniko m'mwamba. Anatsitsa, nakankhanso, mpaka kanathyokera m'manja. M'mahedifoni mokha ndi mmene munamveka mawu a mkazi wake, okoma ngati kale, kenaka akunjenjemera.

"Bambo a mwana, bwanji sindikumveka? Takwezani. Bambo a mwana?"

Kukuwa kumene anakuwa Mawaya sikunafune sipika. Kabotolo kanagubuduka pansi pa tebulo, mafuta n'kuyenderera pakati pa mabenchi, fungo la waya wopsa n'kudzaza tchalitchi chonse. Akazi a malemu msungichuma analizindikira fungolo, ndipo ndiwo anayamba kuloza. Anthu asanamufikire, Mawaya anazula zingwe, nakumbatira mikisa, n'kutulukira pakhomo la kumbali mahedifoni akulendewera m'khosi.

Mkaziyo sanafe. Amayi ake anamutenga, ndipo samulola kukhoma chitseko kapena kupita kumadzi yekha. Koma mkaziyo anadziwa amene anamuzimitsa, anadziwanso kuti padziko lonse pali khutu limodzi lokha limene lingamumve. Chidziwireni zimenezo, milomo yake sanaitsegulenso. Wowotcherera uja ankati Mawaya amaoneka m'misika yakutali, atakhala pansi pa khonde la sitolo, mikisa yopanda chingwe ili pamiyendo. Amamvetsera kupuma kwa mkazi wake, kudikira liwu limodzi, ngakhale lotukwana. Ndipo kuti amve kupumako, ayenera kupirira akufa awiri aja, amene mpaka lero sanatope kuitana.

Mukufunsa ngati mpingo unaphunzirapo kanthu? Unagula mikisa ina, n'kupeza mbale wina wodzipereka.

Tandipatsirani chipewa changa icho. Ayi, musavutike ndi mphasa, sindigona kuno. Kukadali magalimoto pamsewu, ndipo ine malo amodzi amandiyabwa.