Tende Yachitatu

Aliyense amene amathamanga m'nkhalango ya mikungudza pamwamba pa tauni ya Azrou akudziwa kuti kwa zaka zambiri tonse tinkayamba njira yozungulira ya m'menemo polowera kudzanja lamanja. Kuyambira Ramadani ya chaka chatha, tonse timalowera kumanzere. Panalibe msonkhano, ndipo palibe chikwangwani chimene chinaikidwa. Nanga n'chiyani chinatembenuza anthu onse nthawi imodzi? Ine ndimaphunzitsa masamu, ndipo funso lopanda yankho limandisowetsa tulo. Ili ndiliyankha.

M'mwezi wosala timathamanga dzuwa likupendeka, kuti kuitana kwa kumzikiti kutipeze tili pachipata, timasule kusala pomwepo. Tsiku lina m'Ramadani imeneyo ndinali ndi a Haji Bouazza, anzanga achikulire odwala shuga, amene adokotala anawaletsa kusala koma iwo osamva.

"Tsogolani, aphunzitsi," anatero akupuma movutikira. "Mwandigonthetsa m'kutu ndi masamu anuwo. Ndimveko mbalame."

Ndinawasiya. Nditafika pachipata, othamanga ena anali atapita kale kwawo, kwatsala Assou, mlonda wa nkhalango, akutenthetsa msuzi wake wa harira. Kumzikiti anaitana. A Haji sanatulukire.

Wodwala shuga amene wasala tsiku lonse n'kuthamanganso akhoza kugwa osadzukanso. Tsono njira yozungulira ili ndi ubwino umodzi: ukalondola munthu m'mbuyo ukhoza kusamupeza, koma ukapita mosemphana naye, simungalephere kukumana. Ndinalunjika kumanzere.

"Aphunzitsi, kumeneko ayi!" Assou anafuula. "Alondoleni mmene analowera."

"Chifukwa?"

"Nthawi ino sitisemphana ndi njira. Musandifunse zambiri."

"Munthu akufa, iwe ukundiuza zimenezo?"

Anapukusa mutu, n'kundifumbatitsa tende zitatu, zipatso za kanjedza zimene timamasulira.

Pansi pa mikungudza mdima umafika msanga. Kunkazizira, ndipo mpweya wanga unkaoneka ngati utsi. Anyani, amene masiku onse amalongolola, anali chete panthambi. Kenako ndinamva mapazi kutsogolo, akuthamanga mosafulumira.

Anatulukira munthu wamtali, wovala mkanjo waubweya, chipewa chake chosongoka chitaphimba nkhope.

"Salamu aleikumu," ndinatero.

Anaima, n'kutambasula dzanja. Pa nthawi yomasula simumana munthu chakudya, ngakhale akhale mdani wako. Ndinamupatsa tende imodzi, iye n'kundidutsa. Nditayenda pang'ono m'pamene ndinazindikira kuti pakamwa pake sipankatuluka utsi.

Ndisanapite patali, mapazi aja anamvekanso. Kutsogolo.

Apa pafunika kufotokoza. Kuti munthu amene wakudutsa akumane nawenso kutsogolo, ayenera kuti wazungulira nkhalango yonse pamene iwe wangodutsa mitengo yowerengeka. Palibe mwendo wa munthu ungachite zimenezo.

Anaimanso. Dzanja lija. Poikapo tende yachiwiri ndinaliyang'anitsitsa: chikhatho chake chinali chosalala, chopanda mzere ndi umodzi womwe.

Ndinathamanga ndikuitana a Haji. Zii. Lilime langa linali litauma gwa, pakuti nanenso ndinali ndisanamasule. Ndipo mapazi anabweranso kachitatu.

Nthawi ino anaima pakati penipeni pa njira. Ndinafumbata tende yotsalayo mwamphamvu.

"Iyi ndi ya wodwala," ndinatero ndikuyang'ana pansi. "Mundikhululukire."

Ndinamulambalala cham'thengo. Kenako mapazi anayambanso, koma sankapita kutali ngati poyamba paja. Ankanditsatira.

A Haji ndinawapeza atatsamira mtengo, thukuta lili kamukamu, milomo ikunjenjemera. Ndinawaika tende ija m'kamwa. Patapita nthawi anatsegula maso.

"Mimoun, mwana wanga, wachokera mbali iti?"

"Kumanzere, a Haji."

"Mulungu atichitire chifundo. Ndiye kuti wakumana naye."

"Mukumudziwa?"

"Samudziwa ndani? Zaka zonsezi timamumva kumbuyo kwathu. Sapitirira munthu, ndipo ife sitimucheukira. Iwe sumamumva chifukwa pakamwa pako sipatsekeka."

Mapazi aja anali ataima kuseri kwa mitengo, pafupi kwambiri.

"Tidzuke," ananong'ona. "Tilowere kumene akulowera iyeyo. Usacheuke."

Ndinawakoleka paphewa, ndipo tinayenda pang'onopang'ono. Tikaima, nayenso ankaima. Anatiperekeza mpaka pamene nyali ya Assou inayamba kuoneka.

A Haji ali moyo, ndipo chaka chino anamvera adokotala. Ine sindinalekere pomwepo. Ndinafunsa othamanga anzanga mmodzimmodzi, aliyense payekha, kuti asatengerane mayankho. Ena anaseka, ena anasintha nkhani, koma amene anayankha ananena zofanana: m'masiku otsatira, atalowera kumanja monga mwa chizolowezi, anamva mapazi akubwera kutsogolo kwawo, ndipo anabwerera osadikira kuona mwiniwake.

Chimene ndapeza ndi ichi. Anthu a ku Azrou sasankha okha mbali yolowera m'nkhalango imeneyi. Amalowera kumene munthu wa mkanjo uja akulowera, kuti azimumva kumbuyo m'malo mokumana naye maso ndi maso. Madzulo amenewo iye anatembenuka kulondola tende imene anamanidwa, ndipo mpaka lero sanabwerere njira yake yakale.