Zala za Benedek

Onse amene anavina pa ukwati wa Mussa ndi Anjimile ku Hyattsville, tawuni ya pafupi ndi Washington, ankati awiriwa adzalekana ndi imfa yokha. Mussa ankayendetsa basi ya ophunzira ku College Park, ndipo m'basi momwemo ndi mmene anadziwirana ndi Anjimile, mtsikana wa ku Zomba wophunzira zoimbaimba. Ankamukonda, pamenepo tisamunamizire. Koma chikondi chake chinali chamantha. Ankadziona woperewera, dalaivala wokwatira mkazi wasukulu, ndipo ankangoyembekezera tsiku limene wina adzamulande.

Winayo, m'maso mwa Mussa, anadzakhala Benedek Sipos, katswiri wa piyano wochokera ku Hungary. Bamboyu anayamba kuimba ali ndi zaka zisanu, mayi ake akumuletsa mpira poopa kuti angathyoke chala. Anaimba ku Budapest, ku Vienna mpaka ku Tokyo, ndipo imvi zitamera anakhazikika ku Washington. Analibe mkazi, analibe mwana. Chuma chake chonse chinali zala khumi.

Anjimile anapeza ganyu kwa iyeyu. Woimba piyano manja ake onse amakhala pa ntchito, choncho pamafunika munthu wokhala kumanzere kwake, pafupi ndithu, wotsatira nyimbo papepala. Woimbayo akagwedeza mutu pang'ono, munthuyo amadzuka n'kutsegula tsamba lotsatira. Ntchito ndi yomweyo basi.

Koma Marjorie, mayi wa ku Lusaka amene ankaperekera zakudya pa maphwando a akazembe, anaona zina. Anamukoka Mussa pambali Lamulungu potuluka m'tchalitchi.

"Ba mulamu, sinifuna kukamba vambiri," anatero. "Koma uja muzungu amangomukodola na mutu mukazi wanu, nayeve anyamuka kumufendela. Pakusiliza amupsompsona na kwanja. Nenze pamene paja."

Marjorie sananame, n'chifukwa chake mawu ake analuma. Kwawo kwa Benedek, bambo wachikulire waulemu amapsompsona dzanja la mayi pothokoza, monga ife timawombera m'manja. Koma mtima ukadwala nsanje sufunsa za chikhalidwe cha eni ake.

"Ndiye ntchito yako ndi yopsompsonedwa pagulu?" Mussa anafunsa atangofika kunyumba.

"A Mussa, munthu uja ndi wausinkhu wa bambo anga. Bwerani ku konsati mudzaone nokha."

"Ndidzaone chiyani? Akukukodola ngati wantchito wake, iwe n'kumanyamuka? Ine ndikakuitana umati dikirani kaye."

"Akagwedeza mutu ndiye kuti tsamba latha."

"Latha lomwelo. Usadzapondenso kumeneko."

Anjimile anavomera kuti m'nyumba muzizire. Apa ndi pamene analakwitsa, mwana wa eni. Kunali kutatsala milungu itatu kuti Benedek aimbe konsati yaikulu yokumbukira zaka makumi anayi za ntchito yake, ndipo kumusiya pa nthawi yotero kunamuchititsa manyazi. Anayamba kupita kokonzekera mobisa Lachitatu lililonse masana, kunyumba akuti ali ku laibulale. Bodza linali laling'ono, koma Mussa atalitulukira anaona ngati zonse za Marjorie zapherezeka.

Lachitatu la mlungu wachitatu Mussa anapempha tchuthi, n'kumulondola mkazi wake mpaka ku holo ina yaing'ono. Anaima pakhomo la chipinda. Nyimbo inali yokoma moti munthu wabwinobwino akanakhala pansi. Mussa sanamve kanthu. Anangoona mapewa awiri atayandikana, mutu wa imvi ukugwedezeka, mkazi wake akudzuka.

Anafika pa piyanoyo, anagwira chivundikiro chake cholemera n'kuchimenyetsa pa manja a Benedek. Anachikweza, n'kumenyetsanso, kenaka anachitsamira ndi thupi lonse. Anjimile anamukoka malaya akukuwa, koma mafupa anali ataphwanyika kale. Benedek sanalire. Anangoyang'ana manja ake ngati a munthu wina.

Madokotala anayesetsa. Zala zinayi za kumanja zinauma, ndipo konsati ija sinachitike.

M'khoti, atauzidwa kuti akweze dzanja lamanja polumbira, Benedek analikweza lopindika, anthu n'kuwerama. Woweruza anamufunsa zimene wataya.

"Kuyambira ndili mwana, m'mawa uliwonse ndinkadzuka n'kukhala pa piyano," anayankha mwapang'onopang'ono. "Pano ndimadzuka n'kungokhala."

Mussa anagamulidwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo akadzamaliza adzabwezedwa kudziko lakwawo. Apolisi akumutulutsa, anatembenukira mkazi wake misozi ili chuchuchu.

"Anji, ndinkaopa kuti akulanda."

"Palibe anandilanda, a Mussa," anayankha Anjimile. "Ndinali wanu tsiku lililonse. Mwandichotsa nokha."

Nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa panalibe chibwenzi, panalibe ngakhale kalata. Munthu anapha luso la mnzake, limene linatenga moyo wonse kulikulitsa, chifukwa chokana kukhala pansi ola limodzi n'kuonera mmene ntchito ya mkazi wake imayendera. Nsanje imatero: imakuuza kuti ukuteteza banja, pamene ukuligwetsa ndi manja ako.

Kundende Mussa anapatsidwa pepala loti alembe mayina a anthu odzamuona. Panali mizere khumi. Mussa analemba dzina limodzi, ndipo chaka chachitatu chino mwini dzinalo sanabwere.